Dzimbiri pa chitseko chimene anatipangira apongozi

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ndimakhala kuno ku Dedza, chakumtunda kwa boma, kumene chifunga chimatsika m'phiri n'kudzagona pakhonde mpaka dzuwa litakwera. Tsamba lanu ndimaliwerenga kawirikawiri, ndipo ndimaona kuti ambiri amakulemberani za mabanja ogwedezeka ndi za ana osamva. Mwina museka mukaona kuti ine ndabwera ndi nkhani ya chitseko cha galaja. Sekani, koma mundithandize, chifukwa chitseko chimenechi chandisowetsa mtendere.

Amuna anga, a Linus, anadwala sitiroko zaka zingapo zapitazo. Mbali ya kumanja inafooka, moti kuyenda sayenda, amakhala pa chikuku. Kulankhula amalankhula, koma mawu amatuluka amodziamodzi, ndipo mlendo sangawamve msanga. Mutu wawo wokha ukugwira ntchito bwinobwino. Nyumba yathu ili pamalo otsetsereka. Khomo lakumaso lili ndi masitepe, lakukhitchini nalonso chimodzimodzi. Khomo lopanda sitepe ndi limodzi lokha, lochokera m'nyumba kulowa m'galaja. Ndiye galajayo ndi njira yathu yotulukira. Ndimawakankha kuchoka kuchipinda, kudutsa pabalaza, mpaka pakhomo la galimoto, popanda kuitana munthu woti adzawanyamule. Galimotoyo ndinaphunzira kuyendetsa nditamera kale imvi, chifukwa cha matenda omwewa. Ndi imene timapitira kuchipatala kukachita mafizo olimbitsa ziwalo, komanso ku Misa Lamulungu.

Kale galajayi inali ndi chitseko cha matabwa a paini, chimene chinaola m'munsi n'kuyamba kukwekwereza pansi. Mwana wanga wamkazi, Bridget, anakwatiwa ku Mayani ndi a Ackim, amene ali ndi malo awo owotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo za ng'ombe. Ndi munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Tsiku lina atabwera kudzazonda apongozi awo, anandipeza ndikulimbana ndi chitseko cha matabwa chija. Anandithandiza kuchikankha. Patapita milungu ingapo tinangoona kalole kaima pabwalo, katanyamula zitsulo, malata osalala ndi makina owotcherera.

"Amayi, ndati ndikuchotsereni chovutachi," anatero, maso ali pansi. Nditayamba nkhani ya malipiro anakana kwamtuwagalu, mpaka ndinaona ngati ndawanyoza.

Chitsekocho anachipangira pabwalo pathu pomwepa. Ndi cha mbali ziwiri, chotsegukira kunja, ndipo mbali iliyonse ili ndi mahinjesi ake ndi kampiringidzo kolowa m'bowo la pa simenti. Masiku onse amene ankagwira ntchitoyo, a Ackim ankayamba ndi kuwatulutsa a Linus n'kuwaika padzuwa, poti aziona zonse. Akadula chitsulo ankabwera nacho pa chikuku n'kufunsa, "Bambo, apa pali bwanji? Tichepetseko?" A Linus ankachigwira ndi dzanja labwinolo, kuchitembenuza, kenako n'kugwedeza mutu. Aphungu, chidwalireni amuna anga, anthu ambiri akabwera amafunsa ine kuti, "Adzuka bwanji?" eni ake ali pomwepo. A Ackim okha ndi amene ankalankhula ndi iwo ngati munthu amene ali ndi maganizo. Masiku amenewo a Linus ankadya bwino, ndipo kawiri konse ndinawamva akuseka.

Atamaliza anachipaka penti wobiriwira. Chinali chokongola, ndipo ndinkachitsegula ndi dzanja limodzi. Anzanga a ku mphakati wa tchalitchi chathu ankachita kuima n'kumachisirira.

Mvula ya chaka chachiwiri itatha, ndinayamba kuona timizere tofiira tikutsika kuchokera pa mahinjesi. Kenako penti anayamba kusupuka pa malata aja ngati makoko a mbatata yowiritsa. Chodabwitsa n'chakuti pansi pa pentiyo latalo linali lotuwa, losalala bwinobwino, kungoti mwina ndi mwina limachita kaufa koyera. Koma pamene anawotcherera malatawo ku felemu, paliponse panatuluka chilonda chofiira. Mahinjesi anatupa ndi dzimbiri. Timipiringidzo tija tinayamba kukakamira, mpaka ndinkachita kutimenya ndi mwala. Chitsulo cham'munsi mwa felemu chinayamba kuyoyoka ndikachikanda ndi chala. Ndinayesa kuthira mafuta ophikira, kenako oyilo wakale wa galimoto, koma zinkangothandiza kwa masiku ochepa. Mbali yakumanzere inayamba kulendewera, moti potsegula ndinkayamba ndainyamula pang'ono.

M'galajamo mulibe zambiri. Kupatula malo a galimoto, muli makasu, mbewu ya mbatata ya kachewere, ndi matumba a feteleza amene ndimaunjika kuseri kwa chitseko podikira dzinja. Madzi a padenga amagwera pakhomo pomwepo, ndiye mabowo a timipiringidzo aja amakhala odzaza madzi kuyambira Disembala mpaka Epulo. M'miyezi yozizira namonso chitsekocho chimadzuka chili chonyowa ndi chifunga tsiku lililonse.

A Ackim sindinawauze. Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi kuno. Timapatsana moni mwaulemu, timafunsana za ana, basi. Ndiye ndiyambire pati kunena kuti mphatso yanu ija ikutha? Akabwera ankalowera khomo lakumaso, ndipo ine ndinkaimika galimoto pabwalo mobisa mbali yoipayo.

Mwezi wa Julayi, m'mawa wina wa mvumbi, tinali ndi tsiku la mafizo. Ndinawasambitsa a Linus, kuwaveka juzi ndi chipewa, n'kuwakweza m'galimoto. Mbali yakumanja ya chitseko inatseguka. Yakumanzere inakana. Ndinainyamula monga mwa masiku onse n'kukankha, ndiye ndinangomva kuti thu! Hinjesi yapamwamba yaduka. Chitseko chonse chinapendekera kwa ine. Ndinachilandira ndi phewa, ndipo sindinathe kuchibweza kapena kuchithawa. A Linus ali m'galimoto ankaona zonse pagalasi, akuyesa kufuula koma mawu osatuluka. Mwamwayi pamsewu pankadutsa amayi awiri atasenza kachewere wa ku msika. Anatula madengu awo n'kuthamanga, ndipo tonse atatu tinachikankha n'kuchiimika ndi mtengo. Kuchipatala sitinapitenso tsiku limenelo. Ndinangowatsitsa a Linus m'galimoto n'kuwabwezera m'nyumba.

Kuyambira pamenepo mbali imeneyo ili chiimire ndi mtengo uja, yomangidwa ndi waya. Galimoto tinaitulutsa anthu oyandikana nawo atatinyamulira chitsekocho, ndipo tsopano imagona panja. Tikafuna kuchoka ndimatulutsa chikuku pa mbali imodzi yotsegukayo n'kuchikankha pa miyala mpaka pamene pali galimoto, kaya kuli mvumbi kaya kuli mphepo. Phewa langa likadali kuwawa, makamaka ndikamakweza dzanja popesa tsitsi.

Mwana wanga wamwamuna, Alvin, amagwira ntchito ku Lilongwe. Atamva anabwera Loweruka lomwelo. Ataona phewa langa litadera, maso ake anafiira, ndipo anatuluka panja. Ndinamupeza akukanda mahinjesi aja ndi kiyi wa galimoto. Pobwerera m'nyumba anali atapsa mtima.

"Amayi, izi ndi zimene ndinkanena," anatero. "Zitseko za masiku ano zitsulo zake zonse zimakhala zokutidwa ndi zinki, sizichita dzimbiri. Alamu anangotola zitsulo wamba n'kuzibisa ndi penti. Munthu wozolowera ngolo za ng'ombe angadziwe chiyani za galaja? Chikanakuphani chimenechi."

Ananena kuti abweretsa anthu a ku Lilongwe adzachotse chitseko chonsecho n'kuikapo china chamakono, chopindikira m'mwamba. Anajambulanso zithunzi, n'kunena kuti aziponya pa gulu la pa foni la banja lathu, kuti aliyense aone ntchito ya alamu ake. Ali mkati molankhula, a Linus anamenya chogwirira cha chikuku ndi dzanja lamanzere, n'kunena momveka bwino kuti, "Ayi!" Alvin anati, "Mwaona? Ngakhale abambo akuchikana chitsekochi." Ine sindinamutsutse, koma ndakhala ndi a Linus zaka zambiri, ndipo sindikukhulupirira kuti ankatanthauza zimenezo. Ndinangomupempha Alvin kuti zithunzizo azisunge kaye. Anavomera monyinyirika, n'kunena kuti mvula isanayambe nkhaniyi ikhale itatha, apo ayi achita yekha.

Musamuone ngati mwana woipa. Ndi iye amene amatigulira mankhwala, ndipo sipatha sabata osaimba foni. Kungoti ukwati wa mlongo wake sanausangalalire kuchokera pachiyambi. Ankafuna kuti Bridget akwatiwe ndi munthu wa mu ofesi. Kwa zaka zonsezi iye ndi a Ackim amangopatsana moni wa pamaliro.

Bridget naye anabwera pakati pa sabata, yekha. Ataona mtengo ndi waya uja anakhala pansi pa simenti pomwepo. Nditamufotokozera zonse anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, chonde musawauze kaye. Chitseko chimenechi amachinyadira kuposa ntchito zawo zonse. Akamva kuti chikanakuphwanyani, manyazi ake sadzapondanso pakhomo pano."

Ndiye ndili pakati, Aphungu. Wina akuti chichoke, wina akuti ndikhale chete, ndipo mwini nyumba ananena liwu limodzi lokha limene aliyense akulimva mwa njira yake. Ine zitsulo sindizidziwa. Kodi n'zoona kuti a Ackim anatipangira chinthu chachinyengo? Zinki akunenedwayu n'chiyani kwenikweni, ndipo n'zoona kuti chitsulo chokutidwa naye sichichita dzimbiri? Chitsekochi chingakonzeke, kapena ndingomulola Alvin achite zimene akufuna? Nanga apongozi anga ndiwauze bwanji osawachotsa ulemu? Sindikufuna kutaya munthu amene anabwezera amuna anga kuseka, koma sindikufunanso kudzafera pansi pa chitseko.

Ine wanu,
J.L.K., Dedza

Mayi J.L.K.,

Sindinaseke ngakhale pang'ono. Tiyambe ndi phewalo. Tsiku limene mudzapite ndi a Linus ku mafizo, inunso mukaonetse. Phewa limene likuwawabe patatha milungu silofunika kulipirira, makamaka kwa munthu amene amakweza mnzake m'galimoto.

Ine nanenso zitsulo si ntchito yanga, ndiye nkhani yanu ndinakawawerengera a Anselmo, mnzanga amene anaphunzitsa ntchito za zitsulo pa sukulu ya luso kwa zaka zambiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Chitsekocho sichinafe. Chadwala m'malo olumikizira mokha, ndipo amenewo amasinthika." Zimene ndikuuzeni pa nkhani ya zitsuloyi ndatenga kwa iwo.

Zinki mumamudziwa kale, kungoti simumamutchula dzina. Ndi kachitsulo kotuwa kaja kamene amakutira malata a padenga, ndowa ndi mabafa achitsulo. Amagwira ntchito ziwiri. Amatchinga chitsulo kuti chinyezi chisachikhudze, monga amachitira penti. Koma amaposa penti pa chinthu chimodzi. Penti akakandika, dzimbiri limalowera pomwepo n'kumayenda pansi pake. Zinki akakandika pang'ono, amayamba kudyeka ndi iyeyo, chitsulo cham'kati n'kutsala chili bwino. Kaufa koyera kamene mukuona pa malatawo ndi zinki amene akudyeka pang'onopang'ono m'malo mwa chitsulo. Si dzimbiri lija lofiira, ndipo kakakhala kochepa musade nako nkhawa. Komabe zinki si wamuyaya ayi. Amatha, ndipo amatha msanga pamalo pamene sipauma. Chinanso, moto wowotcherera umamupsereza. Paliponse pamene pawotchereredwa pamatsala chitsulo chamaliseche, ndipo pakapanda kutetezedwa mwapadera, dzimbiri limayambira pomwepo. Zilonda zofiira mwanenazo zinabwera choncho.

Tsopano funso lanu lalikulu. A Ackim sanakunyengeni. Umboni mwaupereka nokha, pamene mwati pansi pa penti wosupukayo lata lili lotuwa ndi losalala. Ndiye kuti malata amene anakugulirani ndi okutidwa ndi zinki, abwino, ndipo ndiwo mbali yaikulu ya chitsekocho. Munthu wofuna kubisa zoola sachita zimenezo. Penti anasupuka chifukwa penti wamba sagwira pa zinki watsopano popanda woyambira wake. Pamene a Ackim analakwitsa ndi pa mahinjesi, timipiringidzo ndi felemu, zimene anapangira chitsulo wamba n'kungopaka penti, komanso posateteza malo owotcherera. Owotcherera ambiri amachita chomwecho, ndipo kumadera otentha ndi ouma geti yotere imakhala zaka zambiri. Pa phiri lanulo, pamene chitseko chimadzuka chonyowa ngakhale kunja kulibe mvula, sizingatheke. Choncho Alvin akunena zoona kuti tizitsulo timeneto timafunika tokutidwa ndi zinki. Akulakwitsa pamene akusandutsa kuperewera kwa ntchito kukhala kuipa kwa mtima.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti gawo lina la dzimbirili ndi la pakhomo panu. A Anselmo atamva za matumba a feteleza aja anagwira kumutu. Feteleza amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo koopsa. Amadya ngakhale zinki amene. Kuunjika matumbawo kuseri kwa chitseko, madzi a padenga n'kumagweranso pakhomo pomwepo, ngakhale chitseko cha ku Lilongwe chimene akunena Alvin sichingalimbe. Matumbawo achoke lero, apite m'chipinda china chouma, pa matabwa, kutali ndi galimotonso.

Kakonzedwe kake si kovuta kwa munthu wa ntchitoyi. Mbali zonse ziwiri zitsitsidwe ndi amuna okwanira n'kugonekedwa pansi, chifukwa imene ikutsegukayo nayonso mahinjesi ake ndi a msinkhu womwewo. Felemu igogodedwe ndi hamala paliponse. Pamene pakubooka kapena kuphwanyika, makamaka chitsulo cham'munsi chija, adule n'kuikapo china. Pamene dzimbiri langokhala pamwamba, apale ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Asapake chilichonse pamwamba pa dzimbiri, chifukwa limapitiriza kudya pansi pa penti.

Mahinjesi, timipiringidzo ndi mabawuti zigulidwe zatsopano, zokutidwa ndi zinki. Apa pofunika maso. M'masitolo a zitsulo muli mitundu iwiri. Zina zimawala ngati sipuni yatsopano. Zimenezo zinki wake ndi wopyapyala, ndipo n'zoyenera m'nyumba. Zina n'zotuwa, zosawala, zokhakhala pang'ono mukazigwira, chifukwa anachita kuziviika mu zinki wosungunuka. Zosakongolazo ndi zimene mukufuna. Ngati n'kotheka, mahinjesiwo amangidwe ndi mabawuti m'malo mowotcherera, kuti zinki wake asapse. Pamene kuwotcherera sikungapeweke, apalepo bwino n'kupakapo tsiku lomwelo penti wa zinki, amene amagulitsidwa m'zitini ndi m'mabotolo opopera. Musamusokoneze ndi penti wasiliva wonyezimira uja amene anthu amapaka pa mageti. Wa zinki weniweni ndi wotuwa, ndipo chitini chake chimalemera kuposa mmene chikuonekera. Felemu yonse ipakidwe ameneyu, kenako penti woyambira amene amagwira pa zinki, pomaliza wobiriwira wanu uja ngati mukumufunabe. Ntchito yopakayi ichitike masana kukatentha, chifunga chitachoka, chitsulo chili chouma.

Pokweza chitsekocho asiye mpata pang'ono pakati pa icho ndi simenti, ndipo chitsulo cham'munsi achiboole timabowo kunsi kuti madzi akalowa azituluka. Padenga aikepo lata lolandira madzi, pansi akumbe kangalande kowapatutsa. Mabowo a timipiringidzo nawo apatsidwe potulukira madzi. Mukatero, inu ntchito yanu idzangokhala kupaka girizi pa mahinjesi mvula ikamayamba ndi ikamatha, ndi kuitana a Ackim mukangoona kadontho kofiira. Mafuta ophikira asiyeni kukhitchini.

Zatsala ndi za anthu, ndipo ndi zimene zakulemberetsani kwa ine. Yambani ndi a Linus. Nyumbayo ndi yawo, ndipo mwanena nokha kuti mutu wawo uli bwino. Munadandaula kuti alendo amafunsa inu eni ake ali pomwepo, koma pa nkhani iyi nonse atatu mwachita chimodzimodzi. Khalani nawo pansi nthawi imene apuma bwino, muwafunse mafunso afupiafupi oti ayankhe inde kapena ayi. Chitseko chichoke? Chikonzedwe? Tiitane a Ackim? Musawathamangitse, ndipo musawayankhire. Zimene anene muzitengere kwa ana anu ngati mawu a bambo awo. Ngati maganizo anu ali olondola, Alvin adzavutika kutsutsana nawo.

Bridget akulankhula chifukwa chokonda mwamuna wake, koma malangizo ake musawatsate. Taganizani tsiku limene a Ackim adzafike n'kupeza pa galaja pali chitseko china, chawo chitatayidwa kuseri kwa nyumba, aliyense akudziwa kupatula iwo. Manyazi amenewo ndi amene angawathamangitse pakhomo panu. Mmisiri aliyense amadziwa kuti ntchito ya manja imabwereredwa. Chimene chimamupweteka ndi kumva kuti anthu anamuona ngati wosayenera kuuzidwa. Aitaneni kudzera mwa Bridget, monga mwa ulemu wake, ndipo polankhula Bridget ndi a Linus akhalepo. Simukufunika mawu ambiri. Auzeni kuti chitseko chawo chakutumikirani bwino, koma chinyezi cha kuno ndi feteleza amene munaunjika pafupi zadya mahinjesi, ndipo mbali imodzi yaduka. Za phewa lanu musabise, chifukwa adzamvabe kwa ena, koma muzinene mosakuza. Kenako apempheni kuti adzachione, ndipo muwauze zimene mwamva za zitsulo za zinki. Asiyeni aone okha. Zipangizo zatsopanozo nenani poyambirira kuti zichokera kwa inu ndi Alvin, kuti mphatso yawo isasanduke mtolo wawo.

Alvin muimbireni foni inuyo. Muthokozeni, chifukwa ukali wakewo unachokera pa mantha oona mayi ake atavulala. Muuzeni kuti pa nkhani ya zinki ananena zoona, ndipo mum'patse ntchito: akasake mahinjesi otuwa aja ndi penti wa zinki ku Lilongwe, kumene masitolo ake ndi ambiri, atafunsa kaye miyeso kwa alamu ake. Munthu amene wapatsidwa chochita sakhala ndi nthawi yambiri yokalipa, ndipo foni yofunsa miyesoyo mwina idzakhala yoyamba imene awiriwo alankhulana za chinthu chenicheni. Koma za zithunzi zija mulankhule ngati mayi, osati mopempha. Zifufutidwe. Mum'kumbutsenso kuti chitseko chopindikira m'mwamba chikadzakakamira m'mawa wa tsiku la chipatala, wochikonza adzachokera ku Lilongwe, pamene a Ackim ali pa Mayani pomwepa. A Ackim akadzagogoda felemu n'kupeza kuti yatheratu, pamenepo mudzakambirane za chitseko china, iwo ali pomwepo.

Tsiku la ntchitoyo musamale ndi utsi. Chitsulo cha zinki chikamawotchereredwa chimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa. Munthu amamva kuzizidwa, mutu ndi chifuwa ngati malungo. Awotcherere panja, osati m'galaja, ndipo ayambe apala zinki pamalo owotchererapo. Owotcherera ambiri amati akamwa mkaka ndiye kuti atetezeka, koma mkaka supita m'mapapo. A Linus adzafuna kuonerera ngati kale, ndipo aloleni, koma akhale chapatali, kumene mphepo ikuchokera, asayang'anenso kuwala kwa motowo. Galimoto nayo ikhale kutali ndi zothetheka.

Musadikire kuti Alvin abwerenso kapena kuti Bridget alimbe mtima. Nkhaniyi a Ackim aimve kuchokera pakamwa panu, sabata ino. Ndipo kufikira tsiku limene adzafike ndi zida zawo, mbali yakumanzereyo musaiyandikire, ngakhale mphepo iigwedeze chotani. Ikafuna kugwa, ilekeni igwe. Chitsulo chimawongoleka, koma a Linus ali ndi munthu mmodzi yekha wowakankha.

Aphungu